Dayisi ya Maso a Chitsulo

Fungo la solushoni yomatira machubu a njinga likangondipeza, kaya ndi pamsika kaya ndi m'mbali mwa msewu, mtima umayamba wandigunda kaye, kenako ndimaona a Mbewe. Ndimawaona atakhala pachitsa pansi pa mkuyu wa kuseri kwa nyumba yathu ku Zemba, miyendo atatambasula, chubu chili pabondo, akuchikwecha ndi kachitini koboolaboola, pambali pawo pali beseni la madzi akuda lofufuzira pamene chubu chabooka. Ndimamva pampu yawo ikufwenthera ngati mbuzi ya chimfine, masipanala akulira m'chitini cha penti, ndi mawu awo aja okalipira njinga, okalipira mwini njinga, okalipira ngakhale nkhuku yongodzidutsira.

Sanali agogo athu enieni. Anali oyandikana nawo nyumba chabe, nkhalamba yofedwa mkazi, ana awo onse ali kutali m'matauni. Koma mudzi wonse unkati agogo, ndipo ana tonse tinkawaopa. Sankamenya ayi. Ukangokhudza sipanala yawo ankakuyang'ana, osaphethira, mpaka iwe kumva mkodzo.

Kunyada kwake munthu ameneyu! Njinga yawo inali ndi magalasi anayi, mabelu awiri, timizere ta pulasitiki tofiira ndi tachikasu tokulunga fulemu yonse, ndi nthenga za nkhanga pahandulo. Akamapita kutchalitchi Lamlungu, anthu ankayamba kuona kung'anima, iwo n'kumaonekera pambuyo. "Chinthu chosakongola n'cha munthu waulesi," ankatero, uku akupukuta belu ndi m'mphepete mwa malaya.

Masewera amene ndikufuna kunena anabwera ndi mphunzitsi wina wachinyamata yemwe anangokhala temu imodzi pasukulu pathu, ine ndili giredi faifi. Ife tinawatcha Ulendo. Munthu mmodzi amakhala mwini nkhani, ndiye amafotokoza kumene muli ndi zimene mwakumana nazo. Ena nonse aliyense amakhala ndi munthu wake m'nkhanimo, wina mlenje, wina wamalonda, wina msilikali. Ukafuna kuti munthu wako achite chinthu choopsa, kaya kuwoloka mtsinje wodzadza kaya kuthawa njati, umaponya dayisi. Ikagwa sikisi wapambana bwinobwino, ikagwa pakati wapulumukira mkamwa mwa ngozi, ikagwa wani zako zada. Pochoka, aphunzitsiwo anatisiyira kadayisi kawo, kakang'ono, koyera, ka madontho akuda, kopanda chilichonse chochititsa kaso.

Tinkasewerera pansi pa mkuyu chifukwa ndi pomwe panali mthunzi wabwino, ndipo tinkakangana tsiku lililonse, poti mwini nkhani ankakondera anzake. Tsiku lina a Mbewe anaponya sipanala pansi.

"Nkhani yanji yopanda mafupa imeneyo? Mkango wake uti woti mwana wa sukulu n'kuupha ndi mwala? Bweretsani kuno."

Kuyambira tsiku limenelo mwini nkhani anali iwo. Ankafotokoza osadzutsa mutu, manja ali pantchito. Nkhani zawo sizinali za nyama zolankhula ayi. Zinali za anthu ozembera malire ndi matumba a mtedza, za milatho yothyoka, za mbuna zokwiriridwa ndi masamba, za agalu achiwewe. Munthu wako akafa, wafa. Unkakhala pambali mpaka mawa, ndipo kulira sikunkathandiza.

"Ine sindipha munthu," ankatero. "Yapha ndi dayisi. Dayisi sinama."

Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri, ndipo ndinawameza onse. Ndikanatani? Ankawanena munthu yemwe ankati akayang'ana gudumu n'kunena kuti lapindika, linkapezeka lopindikadi.

Chimene chinkawanyansa chinali kadayisi koyera kaja. Ankakagwira ndi nsonga za zala ngati akugwira nsabwe. "Kanthu ngati dzino la mwana! Masewera aakulu chonchi n'kumaweruzidwa ndi aka?" Tsiku lina anangokaponya m'chitini cha manati ndi mawashala, n'kutiuza kuti tidikire sabata imodzi.

Sabata imeneyo njinga za anthu zinadikira. Anatenga chidutswa cha mlombwa n'kuchisema mpaka chinakhala cha mbali zisanu ndi imodzi zofanana, chachikulu ngati dzira la bakha. M'mphepete monse anasemamo timizere topota ngati tsinde la dzungu, ndi kabuluzi pakona iliyonse. Madontho sanalembe ndi penti. Anaboola timabowo ndi waya wamoto, n'kudula tizidutswa ta masipoko akale, n'kukhomera kamodzikamodzi m'bowo lililonse, mutu wa sipoko uli kunja. Anatsanzira kadayisi koyera kaja, mbali ya sikisi kuseri kwa mbali ya wani. Atatha anakwecha ndi phulusa n'kupaka mafuta. Tsiku loivundukula tonse tinangoti kukamwa yasa. Mtengo wofiirira uja unkanyezimira, ndipo maso achitsulo aja ankatiyang'ana, mbee.

Kunena zoona, pamasewera inali yovuta. Padzuwa inkathobwa m'maso, moti kuti uwerenge madontho unkachita kuitchinga ndi dzanja, ndipo timizere tija tinkasokoneza. Ikagwa inkati gubudu n'kugudubuzika mpaka m'munda mwa mtedza. Mlongo wanga Yohane, yemwe anali ndi zaka zisanu, siinkakwana m'dzanja lake, ndipo tsiku loyamba lomwelo inamugwera pachala chaphazi mpaka chikhadabo chinada. Kuyambira pamenepo ine ndi amene ndinkamuponyera. Koma ndani akanayerekeza kudandaula? A Mbewe ankaiyang'ana ngati mwana wawo wachisamba.

Chinanso n'chakuti anthu athu a m'nkhani anayamba kufa kwambiri. Wani ankangobwerabwera. Ife tinkati masewera afika pokoma, poti tsopano munthu unkaponya mtima uli m'mwamba.

Munthu wanga m'nkhani anali nesi, ndipo lamulo linali lakuti wina akagwa, nesi akhoza kumudzutsa ngati waponya sikisi. Munthu wa Yohane anali kamnyamata ka legeni. Tinayesetsa kumuuza kuti asankhe dzina lina monga tinkachitira tonse, koma iye anakana kwamtuwagalu. "Ine ndine Yohane basi!" Tinangomusiya.

Munali m'mwezi wa mvula yambiri, chimanga chitamasula ngayaye. Lachiwiri Yohane wa m'nkhani analumidwa ndi njoka. Ndinaponya, wani. Lachitatu anakokoloka ndi mtsinje. Ndinaponya, wani. Anzathu anaseka mpaka kugubuduka. Lachinayi a Mbewe, akumanga tcheni cha njinga ya munthu, anati:

"Mwagona m'dambo, udzudzu wakudyani usiku wonse. Kwacha, Yohane sakudzuka, thupi latentha. Ponya."

Ndinaifumbata ndi manja awiri, ndinaiuzira mpweya, ndinaponya. Inagudubuzika n'kukaima pafupi ndi phazi lawo, diso limodzi lili tong'o kumwamba.

"Yohane wafa," anatero a Mbewe. "Nesi, yesa."

Ndinaponyanso monga nesi. Wani.

"Agogo, chonde, kamodzi kokha."

"Dayisi siipemphedwa. Yanena, yanena."

Yohane anadzigwetsa pansi n'kutulutsa lilime, kuyerekeza kufa, anzathu n'kumamuimbira nyimbo ya maliro mwachipongwe. Ine sindinaseke. Ndinamukoka dzanja kuti adzuke msanga.

Mawa lake kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo a amayi ku Mlolo. Atate anali atamwalira kale, choncho panyumba tinatsala awiri. Yohane anadzuka wofooka pang'ono, koma anadya phala. Amayi anamugwira pachipumi, n'kundiyang'ana.

"Dailesi, ndibwera Lamlungu. China chikavuta usalimbane nacho wekha. Uthamangire kwa a Mbewe, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ndinamvadi. Ichi ndiye chimandipweteka mpaka lero, kuti ndinamva.

Loweruka m'mawa ndinadzuka ndi kutentha kwa thupi lake, poti tinkagona pamphasa imodzi. Ankatentha ngati mbale yochoka pamoto. Ndinamuitana, anatsegula maso pang'ono, n'kunena kuti mutu. Pomwepo mawu a a Mbewe anandibwerera onse monga anawanenera: kwacha, Yohane sakudzuka, thupi latentha. M'mutu mwanga munalibe zoti awa ndi malungo, oti ana a m'mudzi mwathu ankadwala chaka chilichonse n'kupita kukiliniki. Munali chinthu chimodzi chokha, chakuti dayisi yanena, ndipo waiponya ndi dzanja lake ndine.

Ndinathamangiradi kwa a Mbewe, koma osati kukawauza. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe yawo mpaka anatenga chigubu kupita kumjigo, ndipo ndinalowetsa dzanja m'mphako ya mkuyu momwe ankasunga dayisi, yokulungidwa m'kansanza. Ine amene ndinkaopa kukhudza sipanala, ndinaba dayisi ya a Mbewe. Maganizo anga anali akuti ndine nesi. Ngati wani wamugoneka, sikisi amudzutsa.

Ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi pafupi ndi mphasa, ndinayamba kuponya. Wani. Thuu. Wani. Wani. Fili. M'nyumba munali kamdima, kuwala kukulowera pamng'alu wa chitseko, ndipo nthawi iliyonse ikaima, kadiso kaja kankagwira kuwalako n'kundiyang'ana. Ndinaponya ndi dzanja lamanja, ndinaponya ndi lamanzere. Ndinaponya nditatsinzina. Ndinanena Tikuoneni Maria n'kuponya. Yohane anapempha madzi, ndinamupatsa, anasanza, ndinapukuta, ndinabwerera kudayisi.

Sikisi anabwera kamodzi. Ndinalumpha, ndinamugwira pachipumi, ndinamugwedeza. Ankatenthabe. Ndiye ndinaganiza kuti poti anafa katatu m'nkhani, pakufunika masikisi atatu otsatizana. Nzeru za mwana, kalanga ine! Ndinapitiriza. Kunja ndinkamva moyo ukuyenda monga mwa masiku onse: amayi ena akusinja, ana akuitanizana kupita kudambo, pampu ya a Mbewe ikufwenthera, ndipo kamodzi ndinawamva akukalipa kuti wina wagwira zinthu zawo m'mphako. Pamenepo mantha anakhala awiri, a Yohane ndi a kuba, ndipo onse awiri ankandiuza kuti ndisatsegule chitseko.

Kuwala kwa pamng'alu kunasuntha kuchoka pakhoma kufika pansi. Dzuwa linali litapendeka kale. Yohane anali atasiya kupempha madzi. Ndinamuitana, sanayankhe. Kenako ndinamva mphasa ikukwekwesa, ndipo nditacheuka ndinaona thupi lake litauma gwa, msana utapindikira kumbuyo, maso atatembenuka kungotsala koyera, manja akugwedezeka okha, thovu pakamwa.

Sindikumbuka kutsegula chitseko. Ndimangokumbuka ndili pansi pa mkuyu, a Mbewe manja ali m'beseni ndi chubu, ine ndikukuwa.

"Yakana! Agogo, yakana! Yohane akufa!"

Ndinaiponya kwa iwo ndi mphamvu zanga zonse. Inawaphonya n'kugwera m'beseni, chubwi, madzi akuda kuwathira kumaso. Sanaiyang'ane n'komwe. Anadzuka, chubu chinagwa, ndipo nkhalamba ija yomwe inkadandaula mawondo tsiku lililonse inathamanga kundipitirira.

Anamugoneka chammbali mpaka kugwedezeka kunaleka, n'kutenga chitenje cha amayi pachingwe, n'kumubereka kumsana ngati mzimayi. Mfundo anamanga pachifuwa. Anatulutsa njinga yawo ya magalasi.

"Kwera pakaliyala. Umugwire mutu."

"Agogo, sizithandiza, dayisi yanena kale..."

"Kwera!"

Ulendo umenewo ndimaulotabe. Njira inali matope okhaokha, udzu wautali ukutikwapula m'miyendo, mabelu awiri aja akulira okha m'mabampu. Tsaya langa linali pamsana pa Yohane, dzanja limodzi litagwira mutu wake womwe unkangolendewera, ndipo kutentha kwake kunkandiwotcha kudutsa chitenje. Ndinkamvetsera ngati akupuma, koma ndinkangomva chifuwa cha a Mbewe chikulira ngati pampu yawo ija. Pakamtsinje madzi anali m'mawondo. Anatsika, anakankha njinga, nsapato imodzi inatsalira m'matope, sanaibwerere. Chimene chinandiopsa koposa n'chakuti njira yonse sanakalipe. Sanakalipire matope, sanakalipire ine, sanakalipire ng'ombe zomwe zinatitsekera njira. A Mbewe osakalipa ndinali ndisanawaonepo.

Kukiliniki a nesi anangomuona n'kusiya mzere wonse. Anamubaya pachala, anamubaya jekeseni, anaimba foni ku Boma kuti kubwere galimoto. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Kutentha kwayamba liti?"

"M'mawa."

"M'mawa? Ndiye munali kuti tsiku lonseli?"

Ndinayang'ana pansi, ndinaona mapazi a a Mbewe, limodzi lili m'nsapato, lina lili matope okhaokha.

"Wachedwetsa ndine," anatero iwo. "Mwanayu musamufunse."

Sankadziwa n'komwe chimene ndinachita. A nesi anawakalipira, iwo anangowerama n'kulandira. Anapereka nambala ya foni ya kumaliro, ndipo galimoto isanafike amayi anatulukira panjinga yamoto, akadali m'chitenje cha kumaliro, mpango utagwera paphewa. Sanalire. Anamunyamula Yohane, yemwe anali asanatsegulebe maso, n'kukwera naye. Kwa ine anangoti, "Ukhale ndi agogo." Galimoto inapita, ndipo palibe anatiuza ngati adzabwera wamoyo.

Pobwerera tinayenda pansi, a Mbewe akukankha njinga, poti mphamvu zopalasira zinali zitawathera. Tinafika dzuwa lili pafupi kulowa. Pansi pa mkuyu zonse zinali monga tinazisiyira, chubu pansi, sipanala pachitsa, beseni pamalo pake. Ndinasuzumira m'beseni muja. Dayisi inali ikuyandama pakati pa madzi akuda, phee, diso limodzi lili kumwamba.

Ndinakuwa. Ndinakhala pansi m'matope n'kukuwa ngati wolumidwa, ndipo zonse zinatuluka: kuti ndinaba, kuti ndinatseka chitseko, kuti ndinaponya kuyambira m'mawa mpaka masana, kuti sikisi anabwera kamodzi kokha. "Onani, agogo! Ngakhale m'madzi ikunenabe! Munati sinama!"

Ndinadikira ukali, ndipo ndinkaufuna, koma sunabwere. Ananjuta pafupi ndi beseni, mawondo akulira, n'kuikankha dayisi ndi chala kuti itembenuke. Inazungulira pang'onopang'ono n'kubwerera pa wani. Anaitembenuzanso. Wani. Anaitenga, anaiika bwinobwino sikisi ali pamwamba, n'kuisiya. Inapendama yokha, inagudubuka m'madzimo, diso lija linatulukiranso.

Ine ndinkaganiza kuti ikutsimikiza. Koma nkhope ya a Mbewe inali ikusintha mwa mtundu wina. Anaivuula, anaiika pachikhatho, anaitembenuza, akuwerenga ndi chala mitu ya masipoko. Milomo inkayenda popanda mawu.

"Dailesi," anatero motsitsa. "Gudumu ukalipachika n'kulisiya lokha, valavu imakaima kuti?"

Ndinangoyang'anabe dayisi ija.

"Ndikufunsa iwe. Wandiona kangati ndikuwongola magudumu?"

"Pansi."

"Chifukwa?"

"Ndi kolemera."

"Mbali iyi zitsulo zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Kuseri kwake?"

"Chimodzi."

Anaibwezera m'madzi, ndipo tonse awiri tinaiona mbali ya zitsulo zambiri ikumira, mbali ya chitsulo chimodzi ikukwera. Zinali zapafupi choncho basi. Panalibe mzimu, panalibe mawu, panalibe chimene chinkadziwa dzina la mlongo wanga. Panali nkhalamba yokonda zonyezimira yomwe inakhomera zitsulo zambiri mbali imodzi ya mtengo.

"Zaka zonsezi ndikuwongola magudumu a anthu," anatero, "n'kulephera kuona ichi. Ndinkangoona kukongola. Asa!" Anadzimenya pabondo ndi chibakera. "Imanama, mwana iwe. Dayisi yanga imanama. Wabodza ndine."

Anatenga pulayala. Anazula masipoko aja limodzilimodzi, lililonse likutuluka ndi kaphokoso ngati dzino, n'kumaponya m'chitini. Mtengo wokongola uja unang'ambika m'mbali, kabuluzi kamodzi kanathyoka mutu, iwo osasamala. Atatha anaiponyanso m'beseni. Inayandama pamwamba, yopepuka, ndipo akaikankha inkaima paliponse.

Ndikanakonda kunena kuti mantha anathera pomwepo, koma ayi. Anangosintha malo. Poyamba ndinkaopa kuti dayisi yamupha. Tsopano ndinadziwa kuti ngati afa, sichikhala chifukwa cha dayisi. Chikhala chifukwa cha chitseko chimene ndinatseka. Ndinawauza zimenezo, ndikulira mpaka kutsamwa.

Anandigwira paphewa ndi dzanja lawo la girisi, koyamba chibadwire changa.

"Tamvera. Iwe unatseka chitseko, sindikunamiza. Koma amene anakuuza kuti mtengo sunama ndine, ndipo unandikhulupirira chifukwa umandiopa. Katunduyu tigawana. Theka lako, theka langa. Langalo usadzanyamule."

Tinadikira masiku asanu. Kusukulu sindinapite. Ndinkakhala pansi pa mkuyu kuyambira m'mawa, maso ali kunjira, ndipo foni ya a Mbewe ikalira m'thumba ndinkadzambatuka. Kawiri konse anali anthu ofunsa za njinga zawo. Tsiku lachitatu anali amayi, ndipo anangoti watsegula maso koma sakulankhula. A Mbewe ankandiphikira mbatata, ankandikalipira kuti ndidye, ndipo kukalipa kumeneko ndi kumene kunkandilimbitsa mtima. Anzathu akabwera kudzafunsa za Ulendo, ankawathamangitsa. Tsiku lina ndinawapeza akumasula magalasi panjinga yawo, limodzilimodzi, kenako belu lachiwiri, kenako nthenga.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi minibasi inaima kumsewu, amayi anatsika, Yohane ali kumsana. Anali wowonda, khosi ngati la nkhuku, koma maso ake anandipeza. Ndinathamanga mpaka kugwa kawiri.

Kulankhula kunabwerera pang'onopang'ono, patapita miyezi. Chimene sichinabwerere ndi khutu lake lamanzere. Tinazindikira mochedwa, poona kuti ukamuitana uli mbali imeneyo sacheuka. Kuchipatala sananene ngati ndi matendawo, ngati ndi kuchedwa, ndipo ine sindinafunsepo dokotala aliyense, ngakhale tsopano ndine wamkulu ndipo ndikudziwa madokotala. Amayi anamwalira akukhulupirira kuti anachedwetsa ndi a Mbewe, omwe akuti anaona ngati ndi kutentha wamba. Kwa chaka chathunthu ankawapatsa moni wozizira. A Mbewe anaulandira moni umenewo tsiku lililonse, ndipo sananene kanthu.

Masewera anayambiranso m'nyengo yokolola. Anakhuthula chitini cha manati pansi n'kufufuza mpaka anakapeza kadayisi koyera kaja, kali bii ndi girisi. Anakatsuka ndi sopo, anakayang'ana monyansidwa monga kale, n'kunena kuti, "Konyansa, koma sikakondera." Anaikanso malamulo awiri atsopano. Palibe kusewera ndi dzina lako lenileni, ndipo m'nkhani zawo munthu ankatha kudyedwa ndi ng'ona kapena kugwa m'mbuna, koma palibe anadwalanso. Ukali sunathe ayi, ankatikalipirabe mpaka nkhuku kuthawa. Koma mawu aja akuti dayisi sinama sindinawamvenso pakamwa pawo.

Anamwalira ine ndili kukoleji ya zauphunzitsi. Ana awo atabwera kudzagawana katundu, anapeza m'mphako ya mkuyu kansanza komangidwa, kolembedwa dzina langa ndi makala. Munali mtengo uja wa mabowo makumi awiri ndi limodzi. Ndili nawo m'kabati, ndipo siwokongolanso.

Lero ndimaphunzitsa cha ku Pembamoyo, ndipo Lachisanu masana ana anga amasewera Ulendo. Nthawi zina wina amabwera ndi dayisi yomwe achibale amutumizira kuchokera ku Lusaka, yoonekera mkati ngati switi, ya tinthu tonyezimira kapena kaduwa pakati, manambala agolide opotapota. Anzake amaizungulira kukamwa kuli yasa, monga tinachitira ife. Ine ndimaiika kumapeto kwa desiki n'kufunsa wa kumbuyo ngati akutha kuiwerenga. Kenako ndimasungunula mchere wambiri m'kapu mpaka iyandame, n'kumaikankha ndi pensulo. Ikamabwerera mbali imodzimodzi, ndimamuuza mwini wake kuti akaiike pawindo kunyumba, ikakongoletse kumeneko. Ana amati madamu ndi ovuta. Ndine wovutadi. Ndipo mwana akangogoneka mutu padesiki, ndimasiya choko pakati pa chiganizo n'kukamugwira pachipumi.

Yohane ndi bambo wa ana awiri tsopano. Amalima mtedza ndi thonje, ndipo masana amakonza njinga pansi pa mkuyu womwe uja, ndi masipanala a a Mbewe. Za tsiku lija sakumbuka chilichonse. Tikamayenda limodzi ndimakhala kudzanja lake lamanja, ndipo ndazolowera moti ngakhale ndi anthu ena ndimapezeka ndazungulira ndekha.

Chaka chatha, titachoka kukalambula manda a amayi, ndinaganiza kuti nthawi yakwana. Tinali awiriwiri m'kanjira ka m'munda. Ndinamuuza zonse, kuba, chitseko, masikisi atatu, nsapato ya a Mbewe m'matope, moni wozizira wa amayi. Ndinalankhula osapumira, maso ali kutsogolo, misozi ikutsika. Nditamaliza iye anayendabe chete, khasu lili paphewa. Kenako anaima, anatembenuza mutu wonse monga amachitira, n'kundiyang'ana modabwa. Ndi pamene ndinaona mbali imene ndinali. Pa zaka zonsezi, tsiku limenelo lokha miyendo yanga inandipititsa kumanzere.

"Mwati bwanji, asisi?"

Ndinapukuta kumaso ndi chitenje, n'kuzungulira kupita kumanja kwake.

"Ndati tifulumire, mvula ikubwera."